Kamera yanu si yabodza: kujambula mbalame za m'matope ku Chilwa

Chaka chilichonse madzi akayamba kuphwa ku Chilwa, dandaulo limabwera lomwelo. Munthu wagula kamera yatsopano, waswera nayo ku Kachulu, doko la m'mbali mwa nyanjayi, koma pobwerako akakowa onse angoyera mbee, nthenga osaoneka ndi imodzi yomwe, ndipo timbalame toyenda m'matope tachita chimbuuzi. Pofika kwa ife odziwa za makamera amakhala atagamula kale mlandu, kuti ogulitsa adamupusitsa kapena lenzi ndi yaifupi. Zimenezi zandikwana. Mukayang'ana chopotokola cha pamwamba pa kamerayo, mupeza chikadali pa Auto pomwe adachisiya a kufakitale.

Auto imaganizira munthu amene waima chilili kudikira kuti mumujambule. Mbalame ya m'matope siima choncho. Black-winged stilt, ija ya miyendo yaitali yofiirira, imayenda ikujompha, ndipo mutu wake umathamanga kuposa mmene diso lanu likuonera. Kuwala kukachepa pang'ono, Auto imatsitsa liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, kufika pa 1/125 ya sekondi kapena kutsikirapo, basi mutu wafufutika. Potokolani mufike pa S, kapena Tv ngati ndi Canon, musankhe nokha liwiro. Mbalame imene ikudya ikufuna 1/1000. Youluka, yambirani pa 1/2000. Kakowa amene waima duu kudikira matemba mungamutsitsire pa 1/500, koma akangogwira nsomba liwiro limenelo lakuchepererani. ISO, imene ndi mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala, isiyeni pa Auto, muiikire malire a 3200. Ambiri amaopa timadontho timene timabwera ISO ikakwera. Timadonthoto timachepetseka pa kompyuta, pamene mutu wofufutika palibe amene angaubweze. Ndipo IS kapena VR yolembedwa pa lenzi isakunamizeni, ntchito yake ndi kuchepetsa kunjenjemera kwa manja anu, khosi la mbalame siligwira.

Tsono nkhani ya kakowa, chifukwa apa ndi pamene anthu amatukwana kamera yosalakwa. Kamera ikamayeza kuwala imaphatikiza zonse zili m'chithunzi n'kufuna kuti zikhale zapakatikati, zosada kwambiri, zosawala kwambiri. Kumbuyo kwa kakowa nthawi zambiri kumakhala njedza zobiriwira modera kapena matope akuda. Kamera imaona kuti mdima wachuluka, imawonjezera kuwala, ndipo choyamba kupsa, kapena kuti kuyera mopitirira, ndi mbalame yoyerayo. Pamene papsa sipakhalanso chilichonse, ngakhale mzere umodzi wa nthenga. Pali batani lolembedwa +/- limene ambiri salikhudza mpaka kamera kukalamba. Pa kakowa amene kumbuyo kwake kuli kodera, tsitsani kufika pa -0.7 kapena -1, ndipo dzuwa likakhwima mpaka -1.3. Mbalame yodera ngati nantchengwa, itaima pamadzi onyezimira kapena ikuuluka kumwamba koyera, zimatembenuka: kwezani kufika pa +0.7 kapena +1, apo ayi mutenga chithunzithunzi chakuda bii. Musakhulupirire maso anu poyang'ana sikirini padzuwa la kunyanja. Lowani mu menyu, yatsani chenjezo la highlight, lija limachititsa kuti malo opsa aziphethira. Msana wa kakowa ukamaphethira, tsitsaninso. Pa mitundu iwiri yosungira zithunzi, RAW ndi JPEG, jambulani mu RAW ngati khadi lanu lili ndi malo, chifukwa RAW imasunga zina za m'nthenga zimene JPEG imataya, koma nayonso siukitsa zimene zapseratu.

Za fokasi sindichedwapo. Ikani AF-C, a Canon amati Servo, fokasi yotsata chinthu choyenda, musankhe kadontho kamodzi kapena kagulu kakang'ono, mulozetse padiso. Mukaisiyira kamera kuti isankhe yokha, igwira tsamba la njedza limene lili pafupi. Makamera atsopano odziwa kufunafuna diso la mbalame amathandiza, koma nawonso amasochera m'mabango, mwinanso amagwira chithunzithunzi cha mbalame m'madzi.

China chimene obwera kuchokera m'tauni amaiwala ndi komwe dzuwa limatulukira. Kachulu ili kumadzulo kwa nyanja. Mukaima pagombe m'mawa n'kuyang'ana kumadzi, ndiye kuti mwayang'ana kum'mawa, dzuwa lili pamaso panu, mbalame zonse zikukuonetsani mbali ya mthunzi. M'mawa jambulani motsata gombe, kapena mukwere bwato mukayang'ane chakumtunda, dzuwa likhale kumsana, phiri la Zomba lionekere kutali. Ngati mukufuna kukhala pamtunda, bwerani kuyambira cha m'ma 3 koloko masana. Mu Okutobala ndi Novembala, ikangodutsa 9 koloko m'mawa, mpweya wotentha umayamba kutukutira pamwamba pa matope, ndipo chilichonse chili patali chimatuluka chofewa ngakhale fokasi ili bwino. Lenzi yaitali imakulitsa vutoli, siichotsa. Komanso gombe la Chilwa silikhala malo amodzi. Nyanjayi ndi yosaya, idaphwa mu 1995 ndiponso mu 2018, ndipo ngakhale chaka chabwino madzi amathawa mtunda wautali m'chilimwe. Funsani asodzi komwe mbalame zikudyera sabata imeneyo musanayambe kuyenda.

Mbalame za ku Chilwa zimasakidwa, choncho zimamudziwa munthu woimirira amene akuzilunjika. Mukamazitsata zimangosendera. Sankhani malo pamene mwaona zikudyera, yalani thumba, khalani pansi kapena gonani chafufumimba, mutavala zosawala, ndipo mudikire mphindi 20 kapena 30. Zimabwera zokha. Kukhala pansi kulinso ndi phindu lina: lenzi ikakhala pamlingo wa diso la mbalame, matope a kumbuyo amasungunuka, mbalame imaonekera payokha. Lenzi ya 70-300mm pa kamera ya sensa yaing'ono (sensa ndi kachipangizo ka mkati kolandira chithunzi) imaona ngati 450mm, pa Canon ngati 480mm, ndipo imeneyo ikukwanira kwa munthu wodziwa kudikira. Mbalame zimanyamuka molunjika komwe mphepo ikuchokera, ndiye mphepo ikakhala kumsana kwanu zidzanyamukira chakwanu.

Chonde musatume ana kuti agende kapena kuwomba m'manja kuti mupeze chithunzi cha mbalame zouluka. Mbalame monga wood sandpiper, ruff ndi little stint zimene mumaziona kuyambira cha mu Seputembala mpaka Epulo zimaswana kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, ndipo zimabwera kuno kudzadya kuti zipeze mphamvu zobwerera. Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kuikidwa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi zimenezi. Mukaona jacana, mbalame ya zala zazitali yoyenda pa masamba a pamadzi, ikuzungulirazungulira pamalo amodzi ikulira, pali mazira kapena anapiye, bwererani m'mbuyo. Wofuna kuzolowera kamera ayambire m'minda ya mpunga ya ku Likangala, atapempha eni ake, kumene akakowa adazolowera anthu. Kulikonseko valani magambuti, madzi amenewa muli likodzo.

Koma chimene chimapha makamera ambiri kuno ndi madzi, kenako kuchedwa, kenako okonza osadziwa. Kamera ina imene siichoka m'maganizo mwanga inali ya mnyamata amene adasunga ndalama nthawi yaitali kuti aigule. Bwato lidapendekeka pang'ono, madzi adalowa m'chikwama, kamera idanyowa mbali imodzi yokha. Adaiyatsa pomwepo kuti aone ngati ikugwira, ndipo idagwiradi. Kunyumba adaikwirira mumpunga masiku angapo monga adamuuzira anzake. Patapita masabata mabatani adayamba kukana. Adapita nayo kwa wokonza mafoni, amene adaitsegula ndi zida zosayenera, kudula kalamba kopyapyala ka mawaya kolumikiza sikirini, n'kupukuta sensa ndi thonje la m'makutu. Pofika m'manja odziwa, mkati munali dzimbiri lobiriwira, sensa ili ndi mikwingwirima, ndipo waranti itafa chifukwa kamera idatsegulidwa. Ikadafika sabata yoyamba, mwina ikadangofuna kutsukidwa mkati.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa kudzera mu Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina, n'kumauma ndi dzuwa, mchere umatsalira. N'chifukwa chake madzi ake ndi oopsa pa kamera kuposa a mvula. Dontho likauma mkati, mcherewo umakhala pa timawaya, umakoka chinyezi, ndipo umadya pang'onopang'ono ngakhale kamera ikuoneka ngati ili bwinobwino. Kamera ikanyowa, izimitseni, chotsani batire ndi khadi nthawi yomweyo, ndipo musaiyatsenso kuti muyese, chifukwa magetsi akadutsa m'madzi a mchere ndi pamene zinthu zimapsa. Pukutani kunja ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi madzi oyera, kenako kouma. Tsegulani tizitseko tonse, muiike m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndipo m'masiku awiri kapena atatu ikhale itafika kwa munthu amene ntchito yake ndi makamera, ngakhale kutanthauze ulendo wa ku Blantyre. Mpunga sufika mkati momwe muli mcherewo, umangowonjezera fumbi lake m'mabatani. Kuiyanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula kumawononga timphira totchinga ndi mafuta a m'lenzi.

Musanapereke kamera kwa aliyense, mufunseni kuti sensa amaipukuta ndi chiyani. Akatchula thonje, spiriti wa m'botolo wamba, kapena kuuzira ndi pakamwa, tengani katundu wanu muzipita. Fumbi la pa sensa, lija limaoneka ngati timadontho takuda pamalo amodzimodzi m'zithunzi zonse, makamaka mukajambula kumwamba pa f/16, bowo la lenzi litachepetsedwa, limayamba kuchotsedwa ndi kampira kopopera mpweya, kamera itazyolika. Likakana, pali timitengo ndi madzi ake opangidwira ntchito imeneyo. Ndipo lekani kusintha lenzi pagombe pamene mphepo ikuulutsa fumbi, sankhirani kunyumba.

Dzinja la ku Zomba lili ndi vuto lakelake. Chikwama chimene chanyowa ndi mame kapena thukuta, mukachitseka ndi kamera mkati n'kuchiponya m'wadiropu yamdima, m'lenzi mumamera chuku. Chimayamba ngati ulusi wa kangaude m'mphepete mwa galasi, ndipo mungachione pounika ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo kwa lenzi. Chikangoyamba kumene chimatsukika. Mukachisiya miyezi, chimadya utoto wapadera wa pagalasi, chipsera chake sichichokanso, ndipo zithunzi zonse zimatuluka zotuwa. Anthu amabwera nazo mu Meyi lenzi zimene zidayamba chuku mu Januwale, akuti ankadikira kuti mvula ithe. Mukangofika kuchokera kunyanja, tulutsani zonse m'chikwama, chikwamacho chiyanikeni pachokha, kamera ndi lenzi zigone m'kontena ya silica gel. Silica gel wosintha mtundu ndiye wabwino, chifukwa amakuuzani yekha akakhuta chinyezi, ndipo mumamuumitsanso mu uvuni pamoto wochepa. Mwezi uliwonse wa dzinja unikani lenzi ndi tochi, ndipo mukaona ulusi ngakhale umodzi, ipatuleni kwa zinzake, mupite nayo sabata yomweyo.