Sikana ya wailesi: kugula n'kwina, kumvetsera n'kwinanso

Wailesi ya m'nyumba mwanu imagwira mafunde a FM, kuyambira pa 87.5 kulekeza pa 108 MHz. Pamwamba pake pang'ono, pakati pa 118 ndi 137 MHz, m'pamene oyendetsa ndege amalankhulirana ndi a pansanja ya pabwalo la ndege. Mukakwera mpaka pa 156.8 MHz mwafika pa tchanelo 16, pomwe sitima za panyanja zimaitanira thandizo zinthu zikavuta. Sikana ndi kawailesi kam'manja kamene kamathamanga m'mafunde onsewa, kakamva mawu n'kuima kuti inu mutchere khutu. Sikatumiza kanthu, kamangomva basi.

Pantchito yanga ya zamawailesi anthu amandifunsa kuti, ngati kachipangizoka sikasokoneza aliyense, mlandu ungachoke kuti? Nkhani yagona poti malamulo amaona zinthu zitatu padera: kukhala ndi sikanayo, kumvetsera nayo, ndi kuulula zomwe mwamva. Dziko lililonse linamanga mpanda wake pamalo osiyana.

Ku America mpandawo uli kutali. Munthu amagula sikana m'sitolo n'kumamvetsera apolisi, ozimitsa moto ndi ndege ali pakhonde pake, ndipo atolankhani akhala akudziwira ngozi m'njira imeneyi kwa zaka zambiri. Chimene analetsa ndi mafoni. Lamulo la 1986 linati kumvetsera foni ya m'manja ya munthu wina ndi mlandu, ndipo kuyambira 1994 bungwe la FCC, loyang'anira mafunde a wailesi kumeneko, linaletsa kupanga kapena kuitanitsa masikana ogwira mafunde a mafoni. N'chifukwa chake sikana yogulidwa kumeneko imadumpha dala pakati pa 824 ndi 849 MHz, komanso pakati pa 869 ndi 894 MHz. Si kuti yawonongeka. Mu Disembala 1996 banja lina ku Florida linatola pa sikana foni imene Newt Gingrich, sipikala wa nyumba ya malamulo panthawiyo, ankalankhulapo ndi anzake a chipani. Linajambula, n'kukapereka tepiyo kwa phungu wa chipani china, nkhani n'kutuluka m'nyuzi. Mwamuna ndi mkazi yemwe analipira chindapusa cha madola 500 aliyense. Kuwonjezera apo, zigawo zina monga New York, Kentucky ndi Indiana zili ndi malamulo akeake oletsa sikana m'galimoto, poopa kuti mbava izimva kumene apolisi ali uku ikuthawa.

Ku Britain, kumene abale athu ambiri ali, n'kumene munthu angapunthwe mosadziwa. Sikana imagulitsidwa poyera, palibe wokufunsani chiphaso. Koma gawo 48 la Wireless Telegraphy Act ya 2006 likuti kugwiritsa ntchito chipangizo kuti mumve uthenga umene si wanu, popanda chilolezo, ndi mlandu, ngakhale musauze munthu aliyense. Chotsala kwa inu ndi mawailesi oulutsira anthu onse, mawailesi a anthu ochita zongokonda, CB (mafunde amene anthu wamba amalankhulirapo), ndi mauthenga a zanyengo. Ndege palibepo. N'chifukwa chake webusaiti ya LiveATC, yomwe imaulutsa zokambirana za m'mabwalo a ndege a m'mayiko ambiri, ilibe bwalo la Heathrow la ku London. Kunena zoona, pampanda wa bwalo la ndege kumeneko simulephera kupeza madoda ataima ndi sikana kukhutu ndi kabuku kolembamo manambala a ndege, apolisi n'kumangowadutsa. Ine ndimaona kuti lamulo loletsa chinthu chimene aliyense akuchita masanasana silithandiza, chifukwa limaluma yekhayo amene tsoka lamugwera tsikulo. Koma Angelezi ali nacho chifukwa chokumbukira: foni ya Diana, yemwe panthawiyo anali mkazi wa Prince Charles, imene nyuzi ya The Sun inasindikiza mu 1992 inajambulidwa ndi mkulu wina wopuma ntchito ya kubanki, pa sikana yake ya kunyumba.

Germany ikufanana ndi Britain, koma ndi yolimbirapo: kumvetsera uthenga umene si wanu kungakulowetseni m'ndende mpaka zaka ziwiri. Canada ndi Japan anaika mpanda pakamwa osati pakhutu. Kumva mwamva, koma mukaulula kapena kudyerera zomwe mwamvazo, mwapalamula.

Choopsa kwambiri ndi kuwoloka malire ndi chizolowezi cha kwanu. Mu Novembala 2001 anthu 12 a ku Britain ndi awiri a ku Netherlands, okonda kuonera ndege, anamangidwa pabwalo la asilikali ku Kalamata, m'dziko la Greece. Mabuku awo a manambala a ndege ndi sikana zinasanduka umboni wa ukazitape. Anakhala m'chitokosi kupitirira mwezi, khoti linawapeza olakwa mu Epulo 2002, ndipo pafupifupi onse anawina apilo mu Novembala chaka chomwecho.

Kuno kwathu woyang'anira mafunde a wailesi ndi MACRA, ku Zambia ndi ZICTA, ku Joni ndi ICASA. Musanauze m'bale wanu wa kunja kuti akuikireni sikana m'katundu, afunseni mabungwe amenewa, ndipo yankho likhale lolemba. Mudziwenso kuti mwina simukamva zomwe mukufuna: apolisi a ku Britain anasamukira pa Airwave, njira ya dijito yobisa mawu, ndipo mizinda yambiri ya ku America ikutsata momwemo. Mukayatsa sikana pamafunde otero mumangomva phokoso ngati la mvula padenga la malata.