Pulojekiti ya chaka chomaliza cha uinjiniya: chimene timayesa kwenikweni

Amene muli ndi mwana kapena m'bale amene akumaliza digiri ya uinjiniya mwina mwaona kuti chaka chomalizachi munthu amasintha. Tulo timachepa, m'chipinda mumadzaza mawaya ndi mapepala, ndipo mukamufunsa chimene chavuta amangoti, "Pulojekiti." Ndakhala ndikuyang'anira ophunzira pa ntchito imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti ngakhale eni akewo ambiri amailowa asakudziwa chimene chikuyesedwa.

Zaka zonse zam'mbuyo wophunzira amapatsidwa mafunso amene mphunzitsi ali nawo kale mayankho. Pulojekiti ndiye koyamba kukumana ndi vuto limene yankho lake silili kumapeto kwa buku. Amasankha mutu, amapatsidwa mphunzitsi womuyang'anira, amene timati supavaiza, ndipo kwa miyezi ingapo, kwina chaka chonse cha maphunziro, amayenera kukonza chinthu, kuchiyesa, kulemba lipoti, kenaka kuima pamaso pa aphunzitsi n'kuyankha mafunso. Mabungwe ovomereza madigiri a uinjiniya amene ali m'pangano la Washington Accord, lomwe linayamba mu 1989, amafuna umboni woti womaliza maphunziro angathe kulimbana ndi vuto limene njira yake palibe anamulembera. Pulojekiti ndi umboni umenewo.

Ambiri amagwa pachiyambi penipeni, posankha funso. Wophunzira amabwera mu ofesi ali wosangalala, amvekere, "Ndikufuna kupanga pampu yamadzi yoyendera sola." Ine ndimamufunsa kuti madzi ochuluka bwanji, okwera mamita angati, pa maola angati. Apa amayamba wakhala chete. Koma akadzabweranso n'kunena kuti malita 1,000 patsiku, okwera mamita 10, ndiye kuti uinjiniya wayambika. Malita 1,000 a madzi amalemera makilogalamu 1,000, ndipo kuwakweza mamita 10 kumafuna mphamvu pafupifupi 98,100 joules, zomwe ndi 27 Wh (Wh ndi watt-hour, muyezo wa mphamvu ya magetsi). Tiyerekeze kuti pampu ndi mota yake zikutaya magawo 70 pa 100 alionse a mphamvu. Ndiye kuti sola iyenera kupereka cha m'ma 90 Wh patsiku. Taonani: tsopano akudziwa kukula kwa sola yofunika, akudziwa mota yoti afunefune, ndipo chachikulu kuposa zonse, akudziwa chimene adzayeze pamapeto kuti aone ngati zatheka kapena ayi. Cholinga chopanda nambala sichiyezeka, ndipo chimene sichiyezeka ife sitingachipatse malikisi.

Funso likapezeka, pamabwera chiyeso china, chofuna kuwonjezera. Pampu ija akufuna izitumizanso uthenga pa foni, izidzizimitsa yokha thanki ikadzaza, sola izitembenuka kutsata dzuwa. Chilichonse mwa izi n'chabwino, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndimawauza kuti alembe zowonjezerazo papepala lina, adzazigwire pokhapokha chinthu choyamba chija chitagwira ntchito n'kuyezedwa.

Za nthawi ndinene mwachidule. Zipangizo zoitanitsa zimachedwa, makina a mu labotale amakhala ndi anthu ambiri owadikira, ndipo chinthu chimene mwalumikiza koyamba kawirikawiri sichigwira ntchito. Choncho pogawa miyezi, siyani mpata waukulu kumapeto woyesera ndi kukonzanso, ndipo lipoti muyambe kulemba mwezi woyamba. Mafayilo musunge malo awiri kapena atatu; kompyuta imafa osatsanzika.

Chimene ndimachiumirira kwambiri ndi kabuku kolembamo zochitika tsiku ndi tsiku. Ophunzira amakaona ngati chintchito chongowatayitsa nthawi. Koma patapita miyezi isanu palibe amene amakumbukira chifukwa chimene anasinthira waya woonda n'kuika wonenepa, kapena ngati nambala ija anaiyeza batire ili yodzaza kapena itatsika. Mulembemo deti, chimene mwayeza, chida chimene mwayezera, ndi muyezo wake, kaya ndi mamilimita, mainchi kapena mavoti a magetsi. Muyeze kangapo, osati kamodzi, kuti muone kuti manambala akusiyana motani.

Zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma mbiri ya ntchito yathu ili ndi zipsera zochokera pa tinthu totere. Mu 1999 chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza za kuthambo, chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika ku Mars chifukwa gulu lina linkapereka manambala m'miyezo ya mapaundi pomwe linzake linkawawerenga ngati ali mu muyezo wina wotchedwa newton. Mu 1981, pa hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City, ku America, timilatho toyendapo anthu m'kati mwa nyumbayo tinagwa n'kupha anthu 114. Pulani yoyamba inali ndi chitsulo chimodzi chachitali chonyamula timilatho tiwiri. Pomanga anasintha n'kuika zitsulo ziwiri, ndipo kusinthako kunachititsa kuti malo amodzi olumikizira asenze katundu wowirikiza kawiri. Kusinthako kunavomerezedwa popanda kuwerengeranso mokwanira. Ndikamauza wophunzira kuti alembe chifukwa cha kusintha kulikonse, ndimakhala ndikuganiza za anthu amene adzayende pa zimene iye adzamange.

Nanga chinthucho chikakanika? Apa ndi pamene ena amachita mantha n'kuyamba kupeka manambala kapena kukagula chopangidwa kale. Chonde musatero. Wophunzira amene pampu yake yakweza malita 600 m'malo mwa 1,000, koma watha kuonetsa ndi miyezo kuti mphamvu ikutayikira m'paipi yoonda kwambiri, n'kuwerengera kukula kwa paipi yoyenera, wachita ntchito ya injiniya, ndipo ine ndimamupatsa malikisi abwino ndi mtima wonse. Manambala opeka amadziulula okha: amakhala osalala mopitirira muyezo, pomwe zoyeza zenizeni zimakhala ndi tizigamba.

Mawu oti pulojekiti ndi ya munthu payekha amasokonezanso ena, amaganiza kuti kufunsa n'kulephera. Ayi. Supavaiza alipo kuti muzikumana naye kawirikawiri, ndipo amisiri a mu labotale amadziwa zinthu zambiri zimene sizili m'mabuku. Chofunika n'choti mupite ndi funso limene mwayamba mwalimbana nalo nokha, ndipo thandizo lililonse, kaya ndi la munthu, la buku kapena pulogalamu ya pa intaneti, mulitchule mu lipoti.

Tsiku lomaliza, wophunzira akaima kutsogolo, mafunso athu sakhala achilendo. Chifukwa chiyani munasankha mota iyi osati inayo? Nambala iyi munaipeza bwanji? Madzi atati akwere mamita 20, chingasinthe n'chiyani? Nthawi zina ndimangomupatsa cholembera kuti ajambule pa bolodi mmene magetsi akuyendera kuchoka pa sola kukafika ku mota. Amene analumikiza yekha mawaya aja amajambula osayang'ana n'komwe pa lipoti, ndipo amakuuzaninso pamene panapsa fyuzi ulendo woyamba.