Akabwera ochita kafukufuku kwa munthu amene ali ndi maganizo odzipha

Abale, kafukufuku wa zaumoyo wachuluka masiku ano ndipo ena amafunsa za matenda a maganizo. Pali fomu ina ya mafunso 9 yotchedwa PHQ-9, funso lake lomaliza limafunsa ngati pa masabata awiri apitawa munaganizapo kuti bola kungofa kapena kudzivulaza. Ambiri akamva funsoli amadzidzimuka, ati mukumupatsa nzeru zoipa munthuyo. Ayi ndithu. Akatswiri anaunika kale nkhaniyi mu 2014 ndipo anapeza kuti kufunsa sikuwonjezera maganizo odzipha, ena mtima umatsika chifukwa wina wawafunsa koyamba.

Vuto lili apa: ayankha kuti eya, kenako bwanji? Wofunsayo achonge pa tabuleti yake n'kukwera galimoto kumapita? Zimenezo ndi zosaloledwa. Kafukufuku wolongosoka amakhala atakonzeratu kuti munthu wotere amuona ndani tsiku lomwelo, namwino wa matenda a maganizo kapena dokotala, thiransipoti alipira ndani, ndipo zikavuta amutumiza kuti, kaya ku Zomba Mental Hospital kaya ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Funsani zimenezi musanasaine kapena kudinda chala. Funsaninso ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Akhale ndi kalata, osangoti "tinauzana ndi amfumu".

Za chinsinsi ndiye pomwe pamavuta kwambiri. Amakulonjezani kuti zonse zithera pompano, koma akaona kuti moyo wanu uli pangozi akuyenera kuuza achipatala, ndipo malire amenewa akuuzeni poyambirira, osati mwaulula kale kenako n'kuona akuimbira foni ankolo anu. Kwathu kuno kuyesa kudzipha kwa zaka zambiri kwatengedwa ngati mlandu, kuphatikiza manyazi a pamudzi ndi kutchalitchi, ndiye munthu kuopa kuyankhula sikuti ndi wovuta ayi. Mafunso otere asamafunsidwe pakhonde ana ndi apongozi akumvetsera.

Mwina mukuti bwanji osangowasiya anthu oterewa? Ndi zomwe zakhala zikuchitika, makafukufuku ambiri oyesa mankhwala a matenda okhumudwa amawachotsa poopa kuti wina angamwalire ali m'manja mwawo. Zotsatira zake madokotala amapereka kwa anthu oterewa mankhwala amene sanayesedwe mokwanira pa iwo. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linadzaika chenjezo mu 2004 kuti mankhwalawa angawonjezere maganizo odzipha mwa ana ndi achinyamata, mankhwala atagwiritsidwa kale ntchito zaka zambiri. Ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, kuwapatula sikuwateteza.

Kukana kulowa m'kafukufuku n'kololedwa, kusiyira panjira n'kololedwanso, ndipo thandizo lanu la kuchipatala silisintha. Kandalama ka thiransipoti kaja kasakukakamizeni, makamaka ngati ndi ngongole zomwe zakusowetsani tulo. Munthu amene wasokonezeka kwambiri moti sakumvetsa zomwe akusainira, ayambe walandira thandizo, za kafukufuku zibwere pambuyo.

Ngati maganizo amenewa muli nawo panopa musadikire ochita kafukufuku, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe akuperekezeni kuchipatala chapafupi.