Zitsamba ndi mapiritsi "otsuka thupi": kodi zimachotsadi mtovu ndi zitsulo zina za poizoni?

Pa intaneti ndi m'masitolo mwadzaza mabotolo olonjeza kuti "amatsuka thupi" ndi kutulutsa zitsulo za poizoni m'magazi. Mwina muli ufa wa ndere za m'madzi zotchedwa chlorella ndi spirulina, mwina madzi ofinyidwa ku masamba okometsera ndiwo otchedwa coriander, mwinanso makala, dongo kapena mapiritsi a adyo. Uthenga uno ukupita kwa aliyense amene akulingalira zogula zimenezi, makamaka kholo lofuna kumwetsa mwana. Tinene poyambirira pomwe: palibe chitsamba kapena piritsi logula popanda dokotala limene latsimikizika kuti limachiza munthu amene zitsulozi zamulowa m'thupi. Choipa kwambiri n'chakuti zina mwa zogulitsidwazo ndi zimene zimabweretsa poizoniyo.

Zitsulo zake ndi ziti, ndipo zimalowa bwanji?

Zodetsa nkhawa kwambiri ndi zinayi: mtovu, mercury, arsenic ndi cadmium. Mtovu umapezeka mu penti wakale, m'mabatire a galimoto (makamaka pamene anthu amawaphwanya ndi kusungunula za m'kati mwake), m'mapaipi akale a madzi, m'fumbi la kumigodi ndi m'zodzola zina za m'maso. Kwa zaka zambiri unkathiridwanso mu petulo, mpaka 2021 pamene Algeria, dziko lomaliza kugulitsa petulo wotere, linasiya. Mercury amagwiritsidwa ntchito ndi okumba golide, amapezeka m'mafuta ena oyeretsa khungu, komanso amaunjikana m'nsomba zikuluzikulu za m'nyanja zamchere zimene zimadya nsomba zinzake, monga shaki. Arsenic amabwera kwambiri ndi madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ya m'madera ena, monga momwe zilili ku Bangladesh, ndipo kuwiritsa madziwo sikumuchotsa. Cadmium amalowa ndi utsi wa fodya.

Mtovu ndi umene umavulaza ana ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo mwana wamng'ono akaumeza, thupi lake limayamwa wochuluka kuposa wa munthu wamkulu kanayi kapena kasanu. Umawononga ubongo umene ukukula, ndipo nthawi zambiri mwanayo saoneka wodwala. Amangovutika kuphunzira, amakwiyakwiya, amachepa magazi. Ukachuluka amamva m'mimba, kudzimbidwa, kusanza, ndipo atha kukomoka.

Chifukwa chake chakumwa sichingangoutsuka

Nkhani yonse yagona pa malo amene zitsulozi zimakakhala. Mtovu sukhalitsa m'magazi: pakatha pafupifupi mwezi, theka lake limakhala litachokamo. Koma sikuti wonsewo watuluka kunja. Wambiri umakakhazikika m'mafupa ndi m'mano, poti thupi limausokoneza ndi kashiamu, ndipo kumeneko umatha zaka makumi. Mayi akakhala woyembekezera, mafupa ake amatulutsa kashiamu kuti amange mwana, ndipo mtovu wakalewo umatulukira limodzi n'kukafika kwa mwanayo. Cadmium amamatirira mu impso kwa zaka 10 mpaka 30, moti ngakhale madokotala alibe mankhwala odalirika omuchotsera.

Ndiye taganizani: ufa wa ndere kapena dongo umene mwamwa umangodutsa m'matumbo. Ungathe kugwira pang'ono chitsulo chimene chili m'matumbomo nthawi yomweyo, koma kufupa sufikako. Zambiri zimene amalonda amatchula ngati umboni zinachitikira m'mabotolo a mu labotale kapena pa makoswe. Kafukufuku wa pa anthu alipo wochepa, wa magulu ang'onoang'ono, monga wa adyo pa ogwira ntchito pa fakitale ya mabatire ku Iran, ndipo sanafike pokhutiritsa mabungwe a zaumoyo kuti avomereze zitsambazi ngati mankhwala. Makala nawo, amene kuchipatala amagwiritsidwa ntchito munthu akamwa poizoni wa mitundu ina, sagwira bwino mtovu kapena ayironi. Chimene amagwira mosavuta ndi mankhwala ena amene mukumwa, kuphatikizapo olera, n'kuwachepetsa mphamvu.

Pamene botolo lomwelo lili ndi poizoni

Apa m'pofunika kuima pang'ono. Mu 2004 ofufuza a ku Boston ku America anagula mankhwala 70 achikhalidwe cha ku India a mtundu wa Ayurveda m'masitolo a mumzindawo n'kuwayeza. Mwa amenewo, 14 anapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic, kutanthauza botolo limodzi pa asanu alionse. Mu 2008 anayezanso ogulidwa pa intaneti ndipo zotsatira zinali pafupifupi zomwezo. Mu 2016 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu za dongo lina la bentonite, logulitsidwa ngati lotsuka thupi, limene linali ndi mtovu wambiri. Ku Bangladesh kunapezeka kuti ena ankathira utoto wachikasu wokhala ndi mtovu mu turmeric (ufa wachikasu wokometsera ndiwo) kuti aoneke wowala pamsika. Ndere nazo zimayamwa zimene zili m'madzi momwe zamera. Zikamera m'madzi oipa, zoipazo zimabwera nazo m'botolo.

M'mayiko ambiri zinthu zoterezi sizipimidwa ngati mankhwala zisanafike pamsika. Mawu akuti "zachilengedwe" pa chizindikiro sakuuzani kalikonse za zimene zili m'katimo. Ndi iko komwe, mtovu ndi arsenic nazonso n'zachilengedwe.

Chenjeraninso ndi njira zimene amalonda amakutsimikizirani nazo kuti "mwadzaza poizoni". Ena amakumwetsani kaye mankhwala okoka zitsulo kenako n'kuyeza mkodzo. Akatero, manambala amakwera pafupifupi pa aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, ndipo akatswiri a za poizoni amakana kuyeza kotere. Kuyeza tsitsi nakonso n'kosadalirika pofuna kudziwa ngati munthu akufunika chithandizo. Palinso kabeseni kamagetsi koviikamo mapazi kamene madzi ake amasanduka ofiirira: dzimbiri limenelo limachokera ku zitsulo za makinawo, ndipo madzi amasintha mtundu ngakhale musanaikemo phazi.

Mankhwala enieni alipo, koma ndi a kuchipatala

Madokotala ali ndi mankhwala amene amagwira chitsulo m'magazi n'kutuluka nacho mumkodzo, njira yotchedwa chelation. Ena mwa iwo ndi succimer, calcium EDTA ndi dimercaprol. Amapulumutsa moyo. Mu 2010, m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, ana oposa 400 anamwalira ndi mtovu wa m'miyala ya golide imene inkaperedwa m'midzi momwemo. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linapereka succimer kwa ana ambirimbiri, koma ntchitoyo inayendera limodzi ndi kuchotsa dothi loipitsidwa m'makomo, chifukwa kupatsa mwana mankhwala n'kumubwezera pa fumbi lomwelo n'kutunga madzi ndi dengu.

Mankhwalawa saperekedwa mwachisawawa. Kwa ana, kawirikawiri amayamba kuganiziridwa mtovu ukafika mamayikulogalamu 45 pa mamililita 100 a magazi. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2001, wa ana 780 amene mtovu wawo unali pakati pa 20 ndi 44, anaonetsa kuti succimer anatsitsadi mtovu m'magazi koma nzeru za anawo sizinapose za amene sanalandire mankhwalawo. Ngati mankhwala amphamvu chonchi sabwezeretsa zimene zawonongeka mu ubongo, supuni ya ufa wobiriwira singathe.

Komanso ali ndi zoopsa zake. Amakoka ndi zofunika zomwe, monga zinki ndi kashiamu, ndipo atha kuvulaza impso ndi chiwindi. Mu 2005 mwana wazaka 5 anamwalira ku Pennsylvania ku America atabayidwa mtundu wina wa EDTA umene unatsitsa kashiamu m'magazi mpaka mtima kuima. Ankamupatsa poganiza kuti achiza autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi ena), matenda amene chelation siyichiza. FDA sinavomerezepo mankhwala a chelation ogula popanda chilolezo cha dokotala, ndipo mu 2010 inalembera makalata ochenjeza makampani 8 amene ankawagulitsa.

Zoyenera kuchita ngati mukukayikira

Choyamba, yezetsani kuchipatala. Mtovu amauyeza m'magazi, arsenic kawirikawiri mumkodzo. Ku America, kuyambira 2021, mwana wopezeka ndi mtovu wa mamayikulogalamu 3.5 kapena kuposa pa mamililita 100 a magazi amayamba kutsatiridwa, ndipo World Health Organization imati ukafika 5 gwero lake lifufuzidwe.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, pezani kumene poizoniyo akuchokera n'kutseka njirayo. Wogwira ntchito ya mabatire, penti kapena migodi asinthe zovala ndi kusamba asanafike kunyumba ndi kunyamula ana. Kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa fumbi. Ana asambe m'manja asanadye. Siyani mafuta oyeretsa khungu amene sakutchula zimene zili m'kati. Ngati madzi a pachitsime apezeka ndi arsenic, sinthani potunga.

Chakudya chili ndi gawo lake, ngakhale si lija amalonda amanena. Sichitulutsa mtovu umene uli kale m'mafupa, koma chimachepetsa umene ukulowa. Mwana wanjala kapena wopereweredwa ayironi ndi kashiamu amayamwa mtovu wochuluka. Choncho adye pafupipafupi, ndipo pakhale nyemba, nyama, mazira, mkaka, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Adyo ndi coriander idyani m'ndiwo monga mwa masiku onse, palibe choletsa. Mapiritsi a ayironi aperekedwe atalamula a zaumoyo, ndipo asungidwe patali, chifukwa mwana akameza ambiri ayironi yemweyo amasanduka poizoni.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, odwala impso kapena chiwindi, ndi aliyense amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku asamwe za "kutsuka thupi" asanafunse dokotala. Ngati mwayamba kale kumwa, tengani botololo popita kuchipatala kuti akaone zolembedwapo, ndipo muwauze ntchito imene inu ndi a pabanja panu mumagwira. Mwana akameza batire kapena kachitsulo ka mtovu, kapena akayamba kusanza kosalekeza, kuwodzera modabwitsa, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musamumwetse chilichonse chomusanzitsa.