Nsalu yamizeremizere paphewa sipangitsa munthu kukhala rabi

Ndatopa nayo nkhani iyi. Chaka ndi chaka ndimaipeza m'mayankho a ophunzira anga a maphunziro a zipembedzo, ndipo ndimaimvanso pa guwa: akuti rabi ndi wansembe wa Ayuda, wopha nkhosa ngati a m'buku la Levitiko. Si choncho ayi. Nsembe zinatha pamene Aroma anagwetsa kachisi wa ku Jerusalem m'chaka cha 70. Rabi ndi munthu amene wakhala pansi zaka zambiri kuphunzira malamulo achiyuda, wayesedwa, kenako rabi wina kapena sukulu ya arabi yamupatsa chikalata. Udindowu sabadwa nawo, komanso sauona kutulo.

Amene akufuna kudziwa kulemera kwa chikalatacho amve za Regina Jonas. Anabadwira ku Berlin mu 1902, m'banja losauka, ndipo bambo ake anamwalira iye akadali kamtsikana. Anaphunzira pa sukulu yapamwamba ya Ayuda osaumirira zakale mumzindawo, ndipo mu 1930 analemba kafukufuku wofunsa ngati malamulo achiyuda amalola mkazi kukhala rabi. Apa ambiri amaphonya. Mayiyu sanali woukira miyambo, ankasunga Sabata ndi malamulo a zakudya mosamala. Anafufuza m'mabuku omwewo amene amuna ankamukanira nawo, n'kupeza kuti choletsa chenicheni mulibe.

Mphunzitsi wake wa Talmud (mabuku a malamulo achiyuda), Eduard Baneth, anamwalira chaka chomwecho asanamudzoze. Wolowa m'malo mwake anakana. Ngakhale Leo Baeck, mtsogoleri wotchuka amene anamuphunzitsanso, sanaike dzanja lake pa chikalatacho panthawiyo. Jonas anadikira zaka zisanu mpaka Max Dienemann, rabi wa ku Offenbach, anamuyesa n'kumudzoza mu Disembala 1935. Hitler n'kuti ali kale pampando.

Poyamba ankangomutumiza kuzipatala ndi kunyumba zosungirako okalamba. Arabi aamuna atayamba kuthawa m'dziko kapena kumangidwa, mipingo yotsala yopanda mtsogoleri inayamba kumuitana kukalalikira. Mu Novembala 1942 anatengedwa pamodzi ndi mayi ake kupita ku Theresienstadt, msasa umene boma la Hitler linkatsekeramo Ayuda. Kumeneko ankagwira ntchito ndi dokotala Viktor Frankl, kuchingamira anthu otsika sitima amene mutu unali utaima ndi mantha, ndipo ankaphunzitsabe. Mu Okutobala 1944 anatumizidwa ku msasa wa Auschwitz, kumene anaphedwa.

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero si imfa yake yokha. Baeck ndi Frankl onse anapulumuka, analemba ndi kulankhula zambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, koma dzina la Jonas linangoti zii. Sally Priesand atadzozedwa ku Cincinnati, ku America, mu 1972, anthu ankati ndiye mkazi woyamba kukhala rabi. Zinatengera wofufuza Katharina von Kellenbach kupeza mapepala a Jonas mu 1991, m'nyumba yosungira zakale kum'mawa kwa Germany, khoma logawa mzinda wa Berlin litagwa. Munali chikalata chija ndi chithunzi chake atavala mkanjo wakuda, buku lili m'manja.

Ndiye mtima umandiwawa ndikaona zimene zafala kuno. Munthu wapita ku Israel sabata imodzi, mwina sanapiteko n'komwe, wagula nsalu yamizeremizere ndi nyanga yoimba, basi pa Facebook wasanduka "rabi". Chihebri sawerenga ngakhale mzere umodzi. Akugulitsa timabotolo ta mafuta ndi madzi oti achokera ku mtsinje wa Jordan, mtengo wake woposa thumba la chimanga. Ine sindiletsa munthu kupemphera monga afunira. Koma ndinakhalapo pa maliro a mayi wina amene anasiya mankhwala a shuga chifukwa anauzidwa kuti mafuta aja akwanira, ndipo pamene abale ankathamangira naye kuchipatala, mwendo unali utaola kale.

Mfunseni munthu woteroyo kuti anaphunzira kuti, zaka zingati, ndipo anamudzoza ndani. Rabi weniweni, kaya wa gulu loumirira zakale kaya wa gulu losaumirira zakale lotchedwa Progressive ngati aja a ku Johannesburg, amayankha mosavuta, ndipo sukulu yake mutha kuipeza pa intaneti. Mukam'pezanso akucheza ndi wodwala, mudzamumva akufunsa ngati wodwalayo wapita kale kwa dokotala, chifukwa m'malamulo achiyuda kupulumutsa moyo kumaposa ngakhale kusunga Sabata.