Zitsamba, kuthowa ndi mapemphero: muuzeni namwino zomwe wodwala walandira kunyumba

Odwala ambiri kuno ku Mangochi amafika kuchipatala atayamba ayesapo zina kumudzi. Wina wamwa madzi a nimu, wina wathowedwa, wina watemedwa mphini, wina wapemphereredwa ndi abusa kapena ashehe. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Katuli, komwe ulendo wa kuchipatala umadya tsiku ndi ndalama, sangangokhala manja lende m'bale wake akubuula. Zina mwa njirazi n'zothandiza ndithu ndipo anamwino amazilimbikitsa, koma zina zimapha. Choopsa kwambiri ndi kubisa.

Chifukwa chake namwino amafunsa

Zitsamba zili ndi mphamvu. Kwinini anachokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America. LA, amene dziko lino linayamba kuchizira malungo mu 2007, ali ndi mankhwala ochokera ku chomera cha Artemisia annua, ndipo katswiri wa ku China amene anawatulukira, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala a kuchipatala anayesedwa, mlingo wake ndi wodziwika malinga ndi msinkhu ndi kulemera kwa munthu. Mizu yophika pakhomo lero imatha kukhala yofooka, mawa n'kukhala yaukali, kutengera mtengo, nyengo ndi nthawi imene mphika wakhala pamoto. Zonsezi zikalowa m'thupi zimakasefedwa ndi chiwindi ndi impso, zomwe zikulimbananso ndi matendawo komanso mankhwala a kuchipatala.

M'mawodi zimachitika kuti gadiyani wabisa botolo la madzi akuda pansi pa zitenje m'dengu, n'kumamwetsa wodwala usiku anthu atagona. Kutacha wodwala akusanza, mkodzo wachepa, maso achita chikasu, ndipo namwino akufufuza vuto kwina chifukwa sakudziwa za botolo lija. Nthawi imatayika pamenepo. Mukafunsidwa, tchulani chimene wodwala wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi imene anamwa komaliza. Ngati botolo, masamba kapena paketi ilipo, ionetseni. Nawonso anamwino afunse mofatsa, chifukwa gadiyani amene wakalipiridwa pagulu kamodzi sadzaululanso kanthu.

Zomwe zingayende limodzi ndi mankhwala

Kusisita msana ndi miyendo ya wodwala amene wagona nthawi yaitali kumachepetsa ululu ndipo amagona bwino. Muzimutembenuzanso pafupipafupi kuti asachite zilonda za pabedi. Kuthowa ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda kumathandiza minofu yowawa, koma yambani mwayesa madziwo pa mkono wanu. Musathowe mapazi a munthu wa shuga, chifukwa ambiri sakumva kutentha ndipo amapsa osadziwa. Jinja pang'ono m'tiyi amachepetsa nseru. Uchi umafewetsa chifuwa, koma mwana wosakwana chaka chimodzi asalawe uchi ngakhale pang'ono. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino zopatsa thanzi, ndipo adyedwe ngati ndiwo basi.

Pemphero limalimbitsa mtima wa wodwala, ndipo palibe amene ayenera kulikaniza. Abusa kapena ashehe angabwere pa nthawi yoona odwala. Chimene tikukana ndi kuuza munthu kuti ataye mankhwala poti wapemphereredwa. Amene akufuna kusala m'mwezi wa Ramadan koma ali ndi shuga, ali woyembekezera kapena amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, akambirane ndi a chipatala mwezi usanayambe.

Mwanamphepo

Apa tikupempha amayi, apongozi ndi anamkungwi kuti amve bwino. Mwanamphepo ndi mankhwala azitsamba amene amaperekedwa kwa mayi woyembekezera kuti matenda a kubereka ayambe msanga kapena kuti mwana abadwe mwachangu. Chimene amachita ndi kukakamiza chiberekero kuti chifinye mwamphamvu, motsatizana, popanda kupumira, nthawi zina khomo la chiberekero lisanatseguke. Mwana amalandira mpweya kuchokera kwa mayi wake pa kanthawi kamene chiberekero chapumira. Kanthawiko kakasowa, mwana amabanika. Chiberekero nachonso chingang'ambike, makamaka kwa mayi amene anachitidwapo opaleshoni pobereka, amene wabereka ana ambiri, kapena amene mwana wake sanagone bwino m'mimba. Chikang'ambika, magazi amatayikira m'kati ndipo mayi amafunika opaleshoni nthawi yomweyo. Kwa amene ali pachipatala chaching'ono, ndiye kuti kudikira ambulansi yopita ku chipatala chachikulu cha paboma, magazi akutayika.

Kuchipatala aliponso mankhwala oyambitsa matenda, koma amaperekedwa pang'onopang'ono, mzamba akumvetsera mtima wa mwana, ndipo akaona chovuta amaimitsa. Mwanamphepo akangomezedwa palibe womuimitsa. Ngati mayi wamwa kale, kaya kunyumba kaya kuchidikiro, nenani pofika pomwe kuti azamba amuyang'anire mwapadera. Zothandiza mayi pa nthawi ya matenda zilipo: kumusisita m'chiuno, kumuyendetsa pang'onopang'ono, kumukumbutsa kupuma mozama ndi kukhala naye pafupi.

Ana

Mwana akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo, kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Nimu sapha tizilombo ta malungo m'thupi la mwana, ndipo malungo amatha kufika poipa m'masiku ochepa. Akatsekula m'mimba, mupatseni Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, mupite naye kuchipatala. Pa mchombo wa khanda musapake phulusa, dothi kapena zitsamba, chifukwa ndi njira ya kafumbata. M'maso musadonthezere madzi a masamba, ambiri achita khungu chifukwa cha zimenezi. Kufukiza ndi nthunzi kwaotcha ana ambiri, mphika ukagubuduka m'kati mwa bulangeti.

Matenda okhalitsa

Akuluakulu akukumbukira za mchape mu 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mankhwala amene ankati amachiza Edzi. Edzi sinathe, anthu anapitirira kumwalira. Chimene chinatsitsa imfa ndi ma ARV. Mpaka lero palibe chitsamba chochiza HIV, ndipo amene asiya ma ARV tizilombo timachulukanso, nthawi zina n'kuyamba kusamva mankhwala. Ngakhale mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala ena a chilungulira amatha kuchepetsa mphamvu ya ma ARV akamwedwa nthawi yolakwika, choncho funsani kamwedwe kake.

Chifuwa chachikulu chimafuna mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, osadukiza. Shuga ndi BP sizichoka ndi botolo logula pamsika kapena pa WhatsApp, ngakhale litakhala ndi chizindikiro chokongola. Kukodza magazi, komwe n'kofala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire, kawirikawiri ndi likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Lumo lotemera mphini anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Thamangirani kuchipatala, mutatenga buku la wodwala ndi chimene wamwacho, ngati akusanza mosalekeza, wasiya kukodza, maso achita chikasu, akubwebweta, akukomoka, akubanika kapena watuluka zidzolo thupi lonse. Mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, kumva ululu wosadukiza m'mimba, kapena mwana akasiya kugunda, anyamuke nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.