Tisanakuze msewu wa ku doko, tiyambe tafufuza

Mzinda ukafuna kukonza misewu yopita ku doko, ambiri amaganiza kuti mankhwala ake n'kukuza msewu basi. Ife mainjiniya timayamba tafunsa kuti: kodi mathiraki akuima pati, nanga akuimiranji?

Choyamba timawerenga. Timaika makamera kapena anthu pamphambano zikuluzikulu usana ndi usiku, kuti tidziwe mathiraki angati akudutsa pa ola, akuchokera kuti, ndiponso ngati asenza kontena kapena ayi. Timachezanso ndi madalaivala, poti iwo ndi amene amadziwa pomwe nthawi imawathera. Kawirikawiri timapeza kuti mzere ukuyambira pageti la doko, pomwe amaona mapepala ndi kupima katundu pasikelo. Zikatero, kukuza msewu n'kungomangira mathiraki malo odula oimapo. Ku doko la Apapa, mumzinda wa Lagos ku Nigeria, mathiraki ankagona pamsewu masiku ambirimbiri, ndipo mu 2021 akuluakulu a madoko anayambitsa dongosolo la Eto, loti thiraki izibwera pokhapokha itaitanidwa. Ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach ku America, mu 2005 anayamba kutsegula mageti usiku, n'kuika ndalama yowonjezera kwa otenga makontena masana.

Koma nthawi zina msewuwo ndiwo umakhala ndi vuto, makamaka pamakona. Thiraki yonyamula kontena ya mamita 12 ikamakhota, matayala akumbuyo satsata pomwe adutsa akutsogolo, amadulira mkati. Mukaima pakona yopanikiza muona nokha: simenti ya m'mphepete itaphwanyika, chitsulo cha chikwangwani chitapindika, dalaivala akulowerera mbali ya anzake kuti akhote, magalimoto onse ali chiimire kumudikira. Kona imodzi yotere ikakonzedwa, magalimoto amayamba kuyenda bwino mtunda wautali ndithu, pa ndalama zochepa.

Ndiye pali kulemera. Mayeso a AASHO, bungwe la akuluakulu oona za misewu ku America, amene anachitikira ku Illinois kuyambira 1958 mpaka 1960 anaonetsa kuti katundu wa pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi kuwirikiza ka 16. N'chifukwa chake phula amakumbika timigula pamaloboti, pomwe mathiraki amagwira mabuleki ndi kunyamuka, ndipo malo oterewa timakonda kuikapo konkire.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi anthu okhala m'mbali mwa msewuwo. Utsi amapuma ndi iwo, phokoso la usiku n'lawo, ana awo amawoloka pomwepo popita kusukulu. Kafukufuku wongowerenga mathiraki, osawerenga oyenda pansi ndi apanjinga, ine sindimuvomereza. Nthawi zina yankho limakhala kusiyanitsiratu njira ya katundu ndi ya anthu. Njanji ya Alameda Corridor, yonyamula katundu wa ku doko, yotalika makilomita 32, imene inatsegulidwa mu 2002 ku Los Angeles, mbali ina anaikumbira pansi, ndipo inathetsa malo pafupifupi 200 amene sitima zinkapingasa misewu ya mumzinda.